Kodi nkhalango zathu zinapita ndi matipate?

Nangozo: Odi pa gulu. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Lachiwiri. Ndimachokera kumudzi pa minibasi, ndiye titafika pa rodibuloko ina tinapeza agwira bambo wina wa njinga. Anali ndi matumba atatu a makala, aja osokerera pamwamba ndi luzi mpaka thumba kutalika ngati munthu. Thukuta lili kamukamu, patapata mmodzi woduka womanga ndi waya. Anamulanda makala ndi njinga yomwe. Sanakuwe, sanapemphe, anangokhala pansi m'mbali mwa msewu n'kugwira mutu. Tili pomwepo panafika lole yofundika tenti, fumbi lakuda likuwazika kumbuyo, tonse m'minibasi tinadziwa chomwe yanyamula. Sinaime ndi mphindi ziwiri zomwe. Ine makala ndimagula, sindinama, mbaula yanga sizima. Ndiye ndifunse inu odziwa: lamulo limeneli linabwera liti, analemba ndani, ndipo ankalembera ndani? Agogo anga amati kale kunalibe zolandana makala koma mitengo inali mbwee.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi Nangozo, agogo anuwo anena zoona, koma asiyako zina. Mitengo inalipo chifukwa anthu ankaopa. Ine uphunzitsi ndinayambira ku Blantyre m'ma 1980, ndinkakhala ku Ndirande. Phiri lija linali bii ndi mitengo, m'mawa nkhungu inkagona m'menemo. Masiku amenewo ukalowa ndi nkhwangwa m'nkhalango ya boma sunkaopa woweruza ayi, unkaopa ayufi ndi apayoniya, ndi mawu akuti ukuderera boma la Ngwazi. Pa 14 Juni 1993 tinavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali anakalanda zida apayoniya. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anapambana. M'zaka zimenezo ndi zotsatira zake phiri la Ndirande linametedwa mpala ine ndikuona ndi maso angawa. Anthu ankatsika ndi mitengo dzuwa likuswa mtengo, ukawafunsa amvekere, "Ndi matipate aphunzitsi, za boma n'zathu." Ena anali makolo a ana omwe ndinkawaphunzitsa.

Kabaza265: Ndiye mukuti tibwerere ku makadi ndi ayufi, aphunzitsi? kkkk

Mphunzitsi Wopuma: Ayi mwanawe. Ine ndinavotera nyali ndipo lero nditha kuvoteranso. Ndikungoti walira mvula walira matope. Mantha atachoka panafunika china cholowa m'malo mwake, ndipo chinthucho chinachedwa panjira.

Wazamalamulo: Moni nonse. Ndiyankheko funso la mayi Nangozo loti linabwera liti, chifukwa apa aphunzitsi akuti "chinachedwa", pamene pa pepala sichinachedwe n'komwe. Chinathamanga zedi.

Mu 1992 mayiko anakumana ku Rio de Janeiro pa msonkhano waukulu wa zachilengedwe, ndipo nthawi yomweyo World Bank inkauza mayiko osauka kuti aliyense alembe ndondomeko ya momwe asamalire chilengedwe ngati akufuna kupitiriza kulandira ngongole zofewa. Yathu inatuluka mu 1994, chaka cha chisankho chomwecho. Malamulo atsopano oyendetsera dziko, a 1994 aja, ali ndi gawo 13 lomwe limatchula zomwe boma liyenera kutsata, ndipo m'menemo muli zoteteza chilengedwe, mpaka kutchula ufulu wa mibadwo yam'tsogolo. Mu 1996 kunabwera mfundo za dziko pa zachilengedwe komanso lamulo lenileni, Environment Management Act. Mu 1997 kunabwera awiri, la nkhalango ndi la usodzi. Mu 1998 la maboma ang'onoang'ono, lija la mphamvu ku anthu. Zaka zinayi zokha, shelefu yadzaza.

Nangozo: Zikomo achimwene. Nanga Kamuzu analibe malamulo ake?

Wazamalamulo: Anali nawo, koma ambiri anali otsala a atsamunda kapena a m'ma 1960. La nkhalango linali la 1942. La malo la 1965, la madzi la 1969. Lililonse linali ndi unduna wake, osayang'anana. Wa madzi sankadziwa zomwe wa nkhalango akuchita kumtunda kwa mtsinje womwewo. Lamulo la 1996 ndi lomwe linayamba kunena kuti chilengedwe ndi chinthu chimodzi, ndipo linabweretsa zinthu ziwiri zatsopano: loyamba, kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo osamudwalitsa, lachiwiri, kuti ntchito yaikulu monga fakitale, damu kapena mgodi isanayambe pazikhala kafukufuku woona zomwe idzawononge.

Mfolesiti Wakale: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilowepo chifukwa nsapato zimenezi ndinazivala. Ndinayamba ntchito ya nkhalango chipani chili chimodzi, ndinapuma zipani zili makumimakumi.

Choyamba, mayi Nangozo, chidani cha Mmalawi ndi lamulo losamala nthaka sichinayambe ndi matipate. Funsani agogowo za malimidwe. Atsamunda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 anayamba kukakamiza anthu kulima mizere yopingasa, kuunda migula, kuzula mapesi pofika tsiku lakuti, kusalima m'mphepete mwa mtsinje. Ukalephera, chindapusa kapena ndende, nthawi zina kukuzulira mbewu. Nzeru yake sinali yolakwika, nthaka inkakokolokadi, koma njira yake inali ya chikoti. Mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewo, boma n'kuichotsa paufumu. Chipani cha Nyasaland African Congress chinakula ndi mkwiyo wa malimidwe. Ndiye m'mitu mwa anthu munakhazikika kuti ufulu ndi kuchotsa kapitawo kumunda ndi mlonda kunkhalango. 1964 inachotsa kapitawo, 1994 inachotsa mlonda.

Chachiwiri, lamulo la 1997 ine ndinalikonda. Linati nkhalango za pamalo a mafumu azisamala ndi eni mudzi, kudzera m'makomiti a zachilengedwe a m'midzi, ndipo mudzi ukhoza kupangana ndi boma kuti uzisamala nawo ngakhale nkhalango ya boma n'kumapindulako, nkhuni zouma, bowa, udzu, uchi. Sinali nzeru yachilendo kwenikweni, nkhalango za m'midzi zinayamba kale m'ma 1920 pansi pa anyakwawa. Tinayenda m'midzi kusankhitsa makomiti, tcheyamani, mlembi, msungichuma. Kunali masemina, malawansi, masikipa olembedwa mawu. Pulojekiti ikatha, komiti inkatsala ndi kope ndi cholembera. Kumene ndinkagwirako ntchito njinga yamoto inakhala chaka chathunthu pa njerwa chifukwa chosowa matayala, ine ndili ndi dera loti pa wapansi ndi masiku atatu kulizungulira. Wootcha makala ankadziwa tsiku lomwe ndalandira mafuta kuposa mkazi wanga.

Kabaza265: Bwana, nanga za makala zenizenizo zili pati?

Mfolesiti Wakale: Gawo 81 la lamulo lomwelo la 1997. Limati palibe wololedwa kuotcha kapena kugulitsa makala a mitengo yachilengedwe popanda chiphaso. Mverani bwino, silinati makala ndi oletsedwa, linati tenga chiphaso. Koma kuti upatsidwe chiphaso unkayenera kuonetsa kuti nkhalango yomwe ukudulamo ili ndi dongosolo loti ibwerere. Munthu wa ku Neno kapena wa kuseri kwa nkhalango ya Dzalanyama akanalemba bwanji zimenezo? Zotsatira zake, chiphaso sichinatuluke kwa zaka ndi zaka, mpaka cha m'ma 2015 pamene a kampani ya Kawandama Hills ku Viphya analoledwa kuotcha makala a mitengo yodzala okha. Ndiye werengani nokha: zaka pafupifupi 18, thumba lililonse lolowa mu Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu linali lophwanya lamulo. Kuphatikizapo lophikira nsima ya woweruza milandu, ya wapolisi, ndi yanga.

Nangozo: Eee, ndiye tonse ndife akaidi oyenda panja.

Wazamalamulo: Makamaka kuyambira 2020, mayi. Chaka chimenecho aphungu anakonzanso lamulo la nkhalango. Anakweza zilango kufika pa mamiliyoni a kwacha ndi zaka zambiri kundende, ndipo tsopano silikuyang'ana wootcha ndi wogulitsa okha, likukhudzanso wonyamula wopanda chiphaso, ndipo bwalo likhoza kulamula kuti galimoto yonyamulira ilandidwe. Kunena zoona, cholinga cha kusinthako chinali lole ija munaiona, osati njinga. Kale chindapusa chinali chochepa moti mwini lole ankangochiwerengera ngati mafuta a paulendo. Ndipo malole ena alandidwadi ndi mabwalo chiyambire. Koma yemwe waima pamsewu usiku ndi munthu, ali ndi lendi, ali ndi fizi ya ana. Chilango chikakwera, mtengo wa "tionaniko" umakweranso. Wa lole angakwanitse, wa njinga sangathe.

Amfumu a pa Line: Ine ndikukana kumunamizira Kamuzu kapena matipate. Werengani anthu. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Dziko ndi lomwelo, silinatambasuke. Onjezani othawa nkhondo a ku Mozambique, omwe anafika pafupifupi miliyoni imodzi, onse ofuna nkhuni ndi milimo ku Nsanje, Dedza, Ntcheu, Mwanza. Onjezani fodya wochiza ndi nkhuni, ndi zigafa za bale zomwe zimadya mitengo chaka ndi chaka. Onjezani njerwa zootcha, nyumba iliyonse m'tauni muno ndi manda a mitengo. Ngakhale Ngwazi ikanakhalapo mpaka lero, ikanamanga anthu angati?

Mphunzitsi Wopuma: Amfumu, chiwerengero sindikutsutsa. Koma Ndirande sanathe pang'onopang'ono ngati mmene anthu amachulukira. Anatha ngati nyumba yapsa.

Mayi a Geni: Muiwala za ndalama abale. Ine 1994 ndinali nditangoyamba geni. Mu Febuluwale chaka chimenecho kwacha anaisiya kuti iziyenda yokha pamsika, pofika kumapeto kwa chaka zinthu zinali zitakwera moti sitinkadziwa kuti tigulitse bwanji. Parafini yemwe tinkaphikira pa pulayimasi anasanduka wa mabwana. Kenako makampani a boma kugulitsidwa, amuna kuchotsedwa ntchito, feteleza wotsika mtengo kutha. Mwamuna wobwerera kumudzi wopanda ntchito, wopanda feteleza, ali ndi nkhwangwa ndi phiri kuseri kwa nyumba, mukuti atani? Omwe anatiuza kuti lembani lamulo losamala mitengo ndi omwewonso anatiuza kuti chepetsani ndalama zomwe boma limawononga. Dzanja ili akukupatsa mbale, dzanja linalo akukulanda ufa.

Mfolesiti Wakale: Mayi, mwalasa. Matayala a njinga yanga aja anathera pamenepo.

Kabaza265: Komatu boma lomwe linali bho pa zimenezi ndi la

Admin: Achimwene a Kabaza, ndafufuta mbali yotsalayo. Pano sitichita kampeni. Tchulani chaka ndi lamulo, mitundu ya nsalu isiyeni kunja.

Kabaza265: Pepani akuluakulu kkkk

Mwana wa Msodzi: Mwakamba za kumtunda, ndiloleni ndikambe za kumadzi. Kwathu ndi kufupi ndi nyanja ya Malombe. Bambo anga amati m'ma 1980 chambo chinkagwidwa moti china ankangopatsa ana oonerera padoko. Pofika kumayambiriro kwa m'ma 1990 chinali chitatha, anthu n'kutembenukira ku kambuzi ndi makoka a nkacha a maso ang'onoang'ono, okokolola ndi ana a chambo omwe komanso udzu wa pansi pomwe nsomba zimaswanirana. Makomiti a m'madoko, aja timati ma BVC, anayambira kwathu mu 1993, lamulo la 1997 linangobwera kudzawavomereza. Poyamba zinkaoneka ngati zitheka. Koma taganizani, mwini khoka ndi malume ako, kapena ndi amene amapereka thini la nsomba kwa amfumu sabata iliyonse. Iwe membala wa komiti ukamulande khoka nthawi yotseka nyanja, mawa maliro akakugwera akakukumbira manda ndani? Lero anthu akukokera maneti a udzudzu, omwe aja amagawa kuchipatala.

Koma pitani ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka chilumba nyengo ya mvula yonse, ndipo zinayamba m'ma 1950, kulibe pulojekiti, kulibe semina. Pachilumba saloleza mowa, chamba, njuga. Ukaphwanya amakuthamangitsa, ndipo palibe kudandaula. Akatsegula, utaka umapezeka. Lamulo lawo ndi lakale kuposa la boma ndipo likugwirabe.

Nachisale: Ndipo akazi salola kufika pachilumbapo. Muzinena zonse achimwene.

Mwana wa Msodzi: Zoona achemwali, ndinadumpha dala poopa inu kkkk

Nachisale: Nkhani yake ndi imeneyo. Tikamatamanda za makolo tizikumbukira kuti zimagwira chifukwa pali wina yemwe safunsidwa maganizo. Za Kamuzu chimodzimodzi. Funso lovuta ndi lakuti lamulo lingagwire bwanji pakati pa anthu omwe ali ndi ufulu woyankha.

Wazamalamulo: Achemwali, yankho lina lili pa nkhani ya majumbo. Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, aja a buluu oikamo mandasi ndi tomato, omwe amatseka ngalande ndi kupha mbuzi zikawameza. Makampani opanga anathamangira kubwalo kukatenga chiletso. Nthawi ya chipani chimodzi sakanayerekeza, koma ufulu wopita kubwalo ndi wa aliyense, wolemera yemwe. Nkhani inakhala zaka. Amabungwe ndi anthu wamba anachita zionetsero, analowerera pa mlandu, mpaka pa 31 Julaye 2019 bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti kuletsako n'kovomerezeka. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi mwa omwe anatsogolera, analandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021. Zitatero ziletso zina zinabwerabe, kampani iyi ikagonja ina n'kuyambitsa yake. Koma mlandu suola. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti apa panalibe ayufi, panalibe mfumu yothamangitsa munthu. Panali lamulo la 1996, lomwe malamulo a mapulasitikiwo anatsamira, ndi anthu amakani.

Mayi a Geni: Amakani alipo, koma jumbo ndikuikirabe makasitomala mpaka lero. Wogula tomato wa pamulu sabwera ndi dengu.

Wa ku Joni: Moni a kumudzi. Kuno ku South Africa kusintha kunachitika chaka chimodzi ndi ife, 1994. Kusiyana kwake, iwo ufulu wa chilengedwe anauika m'gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko, pakati pa maufulu enieni a munthu, pamodzi ndi ufulu wa moyo ndi wolankhula. Lamulo lawo lalikulu la zachilengedwe ndi la 1998, ndipo ali ndi ofufuza awoawo omwe amawatcha Green Scorpions. Mu 2022 bwalo la ku Pretoria linagamula kuti utsi wa malasha wa ku Highveld ukuphwanya ufulu umenewu. Koma ndinagwirako ntchito ku eMalahleni, mpweya wake ukatsika basi umamva kukhosi. Chigamulo chilipo, utsi uliponso.

Wazamalamulo: Mwatchula chinthu chomwe ophunzira malamulo amakangana nacho. Gawo 13 lathu silili m'mutu wa maufulu. Gawo 14 limanena kuti mfundo zimenezo ndi zongolozera njira, ngakhale mabwalo akhoza kuziganizira pomasulira malamulo. Ndiye sungapite kubwalo utanyamula gawo 13 lokha. Ufulu weniweni unaikidwa m'lamulo wamba la 1996, ndipo ngakhale pamenepo mabwalo athu ankakonda kufunsa kuti, "Iwe zikukukhudza bwanji?" Mtsinje wa Mudi ukanunkha, ndani anganene kuti ndi wake? Lamulo la 2017, lomwe linalowa m'malo mwa la 1996, linayesa kukonza zimenezi pofewetsa njira yoti munthu akasume ngakhale iye mwini sanavulale. Linakhazikitsanso MEPA, bungwe loteteza chilengedwe loima palokha. Kale ntchito yonse inali m'manja mwa dipatimenti ya mu unduna, ndiye taganizani mkulu wa dipatimenti akukaniza ntchito yomwe nduna, bwana wake, yakaika kale mwala wa maziko. Koma nalonso la 2017 linadikira mpaka 2019 kuti liyambe kugwira ntchito.

Wa ku Chipata: Muli bwanji a Malawi. Ife ku Zambia tinayamba msanga, a Kaunda anagonja kwa a Chiluba mu 1991, ndipo lamulo la zachilengedwe linali litalembedwa kale mu 1990. ZEMA, bungwe lathu loyang'anira chilengedwe, inabwera ndi lamulo la 2011. Koma vuto lathu ndi migodi. Mgodi wa mtovu ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, poizoni anatsala m'dothi, ana akudwala mpaka lero. Pogulitsa migodi ya ZCCM, kampani ya boma, cha m'ma 2000 boma linali pa njala ya ndalama, ogula ndi amene ankanena mawu. Anthu a m'midzi ya ku Chingola, oposa 1,800, madzi awo ataipitsidwa anakasuma ku London, ndipo mu 2019 bwalo lalikulu la ku Britain linavomera kuti mlandu wawo ndi kampani ya migodi ya Vedanta umvedwe kumeneko. Ganizani, chilungamo cha mtsinje wa Kafue kukachipeza ku London. Ndipo makala athu ndi anu amakumana pa Mchinji, sasowa pasipoti.

Wa ku Karonga: Ife za migodi tinazionera pa mgodi wa uranium wa Kayelekera. Boma linasainirana ndi kampani ya Paladin mu 2007, amabungwe anapita kubwalo chaka chomwecho, nkhani inathera kunja kwa bwalo. Mgodi unatsegulidwa mu 2009. Lamulo loyang'anira zinthu za nyukiliya linabwera mu 2011, uranium atayamba kale kudutsa pamsewu. Ndipo lamulo la migodi lomwe linkagwira ntchito nthawi imeneyo linali la 1981, lonena kuti miyala yonse ya pansi ili m'manja mwa Pulezidenti. Linakhala zaka zoposa 20 mu ulamuliro wa matipate osalikhudza. Za mitengo ndi nsomba za amphawi anasintha m'zaka zitatu, za miyala ya ndalama anayenda ngati nkhono.

Kabaza265: Apa ndiye mwanena. Ine ndimaona ngati malamulo onsewa ndi olembera azungu kuti ndalama zibwere basi.

Nachisale: Osati onse achimwene. Taonani za nyama. Lamulo la 1992 linali ndi zilango zoseketsa, munthu wogwidwa ndi minyanga ya njovu ankalipira ndalama yochepa kuposa mtengo wa mbuzi zingapo n'kumapita, mpaka dziko lathu linatchuka ngati njira yodutsira minyanga. Atalikonza mu 2017 chilango chinafika zaka 30. Mu 2021 Lin Yunhua, yemwe ankatsogolera gulu lozembetsa nyanga za chipembere, anagamulidwa zaka 14. Ameneyo sanali wa njinga. Ku Majete nyama zinali zitatsala pang'ono kutha, bungwe losamala nyama la African Parks litalowa mu 2003 lero kuli njovu, mikango, zipembere. Ku Liwonde njovu zinachuluka moti mu 2016 ndi 2017 anasamutsa pafupifupi 500, zina zochokera ku Majete, kupita ku Nkhotakota.

Mfolesiti Wakale: N'zoona mwana wanga, koma onani chomwe chili kumeneko: waya wamagetsi, alonda olipidwa pa nthawi yake, galimoto zamafuta, ndege. Ndipatseni theka la zimenezo ndikusungireni Dzalanyama. Komanso njovu ili ndi kusiyana kumodzi ndi mtengo wa tsanya. Palibe amene amafuna mnyanga kuti ana adye madzulo ano. Pomwe makala, kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zolumikizidwa ku magetsi ndi pafupifupi imodzi mwa khumi, ndipo ngakhale zimenezo zambiri zimaphikira pa mbaula chifukwa magetsi ndi odula komanso amathimathima. Mu 2015 boma linatumiza asilikali ku Dzalanyama, komwe kumachokera madzi omwe Lilongwe amamwa. Ootcha anathawa, ena anamenyedwa, mtengo wa thumba unakwera m'tauni, ndipo mtengo ukakwera phindu la wolimba mtima limakweranso.

Amfumu a pa Line: Gasi bwanji? Ine ndinasintha, silinda ya makilogalamu 6 imandikwanira bwino.

Mayi a Geni: Amfumu, inu mumalandira pamwezi. Gasi amafuna ndalama ya pamodzi, silinda, chitofu, kudzazitsa. Makala ndimagula a kajumbo, a lero lokha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 mu Novembala 2023, gasi ndi wa kunja, amakwera nayo limodzi. Ndiye nyemba muziphika pa gasi maola atatu?

Amfumu a pa Line: Nyemba zokha ndimaphikira pa makala, ndivomere.

Kabaza265: kkkkkk amfumu agwidwa

Mphunzitsi Wopuma: Sekani ana inu, koma ine mu Malichi 2023 ndinapita ku Chilobwe kukafuna mwana wa mchemwali wanga namondwe wa Freddy atagwetsa phiri la Soche. Ndinamupeza wamoyo pa sukulu ina pomwe anthu anathawira, atafunda chitenje cha munthu wina. Pomwe panali nyumba yawo panali miyala ikuluikulu ngati minibasi, matope ofiira, ndi mbale imodzi ya pulasitiki. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Mvula inali yoopsa, ngakhale phiri la mitengo likanagumukako, sindikufuna kunamiza munthu. Koma Soche ndi nkhalango yotetezedwa, pa pepala. Nyumba zinakwera phiri chaka ndi chaka, anthu ankagula malo kwa wina wake, pali wina ankasaina, mavoti ankafunidwa kumeneko chisankho chilichonse. Malamulo onse omwe mwawatchula apawa analipo tsiku limenelo.

Nachisale: Pepani aphunzitsi. Mwanayo ali bwanji pano?

Mphunzitsi Wopuma: Ali bwino mayi, akukhala ndi ine. Mvula ikayamba usiku sagona.

Mwana wa Msodzi: Achimwene a zamalamulo, funso. Malamulo amenewa alipo m'Chichewa kapena m'Chiyao? Bambo anga akhala mu komiti ya padoko zaka zambiri koma lamulo lomwe amalondera sanaliwerengepo.

Wazamalamulo: Nyumba ya Malamulo imalemba ndi kukambirana m'Chingerezi, ndipo lomwe limagwira ntchito kubwalo ndi la Chingerezilo. Zomwe zimafika kumudzi ndi timabuku tofotokozera ta amabungwe ndi mapulogalamu a pa wailesi. Ngati gulu likufuna, ndikhoza kumamasulira gawo limodzi sabata iliyonse n'kumaika pano, tiyambe ndi za usodzi ndi gawo 81 lija. Koma mundithandize mawu, chifukwa pali ena ondivuta. Mwachitsanzo mawu akuti chilengedwe enieniwo, kwa agogo anga amatanthauza zomwe Mulungu analenga, ndiye ukawauza kuti boma laika lamulo pa chilengedwe amafunsa kuti boma linalenga chiyani.

Mfolesiti Wakale: Funso limenelo ndinafunsidwa pa msonkhano wina pansi pa mtengo wa mkuyu, ndi gogo wina wosaona. Anati, "Mwana wanga, mtengo uwu unadzala ndiwe?" Ndinayankha za mvula ndi kukokoloka kwa nthaka, anthu anaomba m'manja mwaulemu, koma ine ndinadziwa kuti sindinamuyankhe. Komabe mudzi womwewo uli ndi manda omwe mitengo yake palibe anaigwirapo nkhwangwa chiyambire. Uli apo, wabiriwira, pozungulira ponse pali mbee.

Admin: Za kumasulira tavomera. Lachisanu lililonse madzulo, achimwene a zamalamulo. A Mfolesiti ndi a Mwana wa Msodzi muziona ngati mawu ake ndi omwe anthu amanenadi.

Nangozo: Ndabweranso abale. Lero m'mawa ndikusesa pakhomo ndamva "makalaaa" kumsewu, kutuluka ndapeza ndi bambo aja a pa rodibuloko. Ndinawazindikira patapata. Ali ndi njinga ina, akuti abwereka kwa mlamu wawo, azilipira pa ulendo uliwonse. Matumba anayi ulendo uno, osati atatu. Akuti tsopano amanyamuka 1 koloko usiku n'kudzera njira ya kudambo, yotalikirapo koma yopanda chotchinga. Ndinawafunsa ngati akudziwa za chiphaso, anandiyang'ana n'kufunsa kuti chimagulitsidwa kuti. Thumba akweza, akuti mpaka apeze ya njinga ina.

Kabaza265: Ndiye munagula, mayi?

Nangozo: Ndinagula limodzi. Ndinawapatsanso madzi akumwa ndi mbatata yotsala dzulo.